Galu wa M'chitenje ku Dunoon

Kanabwera m'jekete, abale inu, m'jekete ya mwana wanga Esinati, mvula ya Ogasiti ikumenya malata ngati ikufuna kulowa nafe m'nyumba. Esinati atatsitsa zipi ndinayamba kuona kamphuno, kakuda bii, kenako timakutu topindika, kenako kamimba kotupa ngati ka mwana wodya mango aawisi. Kankanunkha ngalande ndi makatoni onyowa, kankanjenjemera njenjenje, ndipo ubweya wake unali wotuwa ngati phulusa la m'mbaula. Ndinangoti uyu ndi Kaphulusa, dzina n'kumata pomwepo. Esinati anali atakatola pobwera kuntchito, kuseri kwa migolo ya zinyalala, kali kokhakokha m'katoni, make osaoneka. Tinakapukuta ndi siketi yanga yakale, tinakaika pafupi ndi chitofu cha parafini, ndipo kanayasamula, kagalu aka, kuyasamula kwa munthu amene wafika kwawo.

Ine ku Joni ndinapita ndili kale ndi imvi, kunsi kwenikweni, ku Cape Town, kukalera mdzukulu wanga Tadala, mwana wa Esinati, amake akugwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ku Table View. Tinkakhala ku Dunoon, m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya eni. Koma Tadala atakwana zaka zitatu anamulowetsa kukireshi, ine n'kumatsala ndekha tsiku lonse, msana wopanda ntchito, manja opanda ntchito. Kunja ndinkakuopa. Kunja kunali mahutala, kunali chilankhulo chothetheka ngati chimanga chokazinga, kunali mphepo yokuvula duku n'kukusiya mutu poyera. Chizungu changa chinali cha mawu owerenga pa zala, Chixhosa ndiye ndinkangodziwa molo, moni wawo, basi. Ndinkasesa, kusesanso pomwe ndasesa kale, n'kukhala pakhomo kumayang'ana phiri lawo lalikulu lathyathyathya kutali uko, litafunda mtambo. Anthu amati ubwana umabwera kamodzi. Wanga unabwera kawiri ine, ndipo wachiwiriwo ndinaudyera mbale imodzi ndi galu.

Mwini malowo anali mayi wa Chixhosa, wamkulu thupi, wamkulu mawu, ndipo tonse a lendi tinkangowatcha amasitandi. Pageti pawo ankakazinga magwinya, amene ndi mandasi omwewa koma aakulu ngati chibakera cha mwamuna wolima, ndipo m'mawa uliwonse ana a sukulu ankadzaza pabwalo, fungo la mafuta ndi ufa wofufuma likulowa mpaka m'mabulangete mwathu. Za galu anavomera, poti akuba anali atathyola zipinda ziwiri mumsewu wathu mwezi womwewo, koma anakweza chala: auwe akuba, asakhudze mwana. Esinati anamasulira, ine ndinagwedeza mutu, mumtima ndikuti mayi inu, za agalu musandiphunzitse, ndine mwana wa mlenje.

Bambo anga ku Ntcheu anali katswiri wa uzimba, ndipo agalu awo ankadziwika mpaka kutsidya kwa mtsinje. Ndili kamtsikana ndinkaona mmene ankaumbira galu wolusa. Kagalu kakangosiya kuyamwa ankakamangirira kuseri kwa nkhokwe, kumene sikufika mlendo, ndipo ana tinkaletsedwa kukanyamula, kukaseweretsa, ngakhale kukaitana dzina. Ankati galu wozolowera manja ambiri amasekerera ndi wakuba yemwe. Ine ntchito yanga inali yopereka chakudya: kuika phale pansi, kukankha ndi ndodo, kubwerera osacheuka. Tsiku lina ankapita kukagwetsa chisa cha mavu, kusinja mavuwo, n'kusakaniza m'madeya, kuti ukali wa mavu ulowe m'magazi a galu. Ndikatsinzina ndimamvabe fungo la kuseri kuja, fungo la madeya onyowa ndi chingwe cha khonje, ndipo ndimaona maso awiri akundiyang'ana pansi pa nkhokwe. Agalu amenewo ankakula oopsa ndithu. Munthu ankati odi ataima kutali, mwendo umodzi uli wokonzeka kuthawa.

Ndiye ine, mwana wa bambo anga, ndinachita zomwezo pakati pa tauni ya eni. Kuseri kwa chipinda chathu kunali kampata kopapatiza pakati pa malata ndi mpanda. Ndinagonekamo mgolo wodula pakati, ndinayala chiguduli, ndinatchinga ndi thabwa, Kaphulusa n'kukatsekera mmenemo. Tadala akalira kuti akufuna kukagwira ndinkamukaniza. Ana a magwinya akafuna kusuzumira ndinkawathamangitsa ndi tsache. Mavu ndinawafuna, ndinayang'ana m'madenga monse, koma Dunoon alibe mavu, ali ndi ntchentche ndi mawaya a magetsi basi. Ndiye ndinkangowaza katsabola pang'ono m'phala lake, kagalu n'kumayetsemula, ine n'kumati eya, ukali ukulowa. Masabata atatu anatha choncho, ine ndikuimba posesa, ndikudziyamikira ndekha.

Linali Lolemba m'mawa, dzuwa litatuluka patapita masiku ambiri a mvula, pamene thabwa lija linagwa ndi mphepo. Kaphulusa kanatuluka, kanangopezeka pakati pa miyendo ya ana ambirimbiri, nsapato, zikwama, phokoso. Sikanathamangitse munthu ayi. Kanakhala pansi, kanakodza pomwepo, mchira uli pamimba, ndipo mtsikana wina wamng'ono wovala yunifolomu atawerama kuti akasisite, Kaphulusa kanalira kuti kwee n'kumuluma chala. Mano a kagalu ndi singano. Magazi anatuluka kadontho kamodzi, koma kulira kunamveka mpaka kumsewu waukulu. Amayi a mwanayo anabwera, analankhula, analankhula, ndipo mawa lake ana ena anakagula magwinya kwa mayi wina wa kumtunda. Amasitandi anaima pakhomo pathu manja ali m'chiuno. Anati mwana wawo wamwamuna apita kuchinamwali kutchire mu Novembala, ndipo mu Disembala pobwera padzakhala mgidi, phwando lalikulu lomulandira, pabwalo pomwepa, abale ochokera kutali, ana osawerengeka. Galuyo akadzaonetsa dzino kwa mlendo mmodzi yekha, m'mawa mwake galimoto yotola agalu osowa kwawo idzamutenga. "Makhulu," anatero akundiloza, paja ndi mmene amaitanira agogo kumeneko, "Disembala." Mawu amenewo sanafune womasulira.

Ndinalira, musaseke. Ngakhale ndinkakakankhira chakudya ndi ndodo, kagalu kameneka ndiko kokha kankamva nyimbo zanga masana onse, kakumvetsera kuseri kwa lata. Amene anandipeza ndikulira pampopi anali a Jafali, a ku Mangochi, a chipinda choyang'anana ndi chathu, Msilamu wodekha, wogwira ntchito ya m'maluwa kunyumba za azungu. Iwo galu sakhudza. Malovu ake akagwera pa chovala ndiye kuti kuchapa kwa mwambo asanapemphere. Koma pa ntchito anaona agalu ambiri akuleredwa, maso ali pa duwa, khutu lili kwa abwana.

"Agogo, galu wanuyo mukuti ndi wolusa?" anandifunsa.

"Waluma mwana, a Jafali. Ukali wa kwathu umenewo."

"Ukali wanji wokodza pansi? Ameneyo ndi wamantha, agogo. Mwamutsekera ngati mkaidi, lero mukudabwa kuti akuopa nsapato? Nanga inuyo chibwerereni mwafikako kangati kumsewu waukulu?"

"Aaa, a Jafali, mwayamba chipongwe."

"Chipongwe ayi. Nonse awiri mukufunika kuyenda."

Anandifotokozera ali chiimire, ndowa ili m'manja, kuti mutu wa kagalu uli ngati simenti yongothira kumene: choponda pamenepo lero chisiya phazi mpaka kalekale, koma ikauma, yauma. Miyezi itatu, inayi, basi. Kaone zonse tsopano, anatero, kamve zonse, koma pang'onopang'ono, kuyambira patali, ndipo chilichonse choopsa chizibwera ndi kachakudya kokoma. Ndinaganiza za maso aja a pansi pa nkhokwe, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinadzifunsa ngati anali maso a ukali kapena a mantha. Safunsa anadya phula, amatero akulu. Ine phula ndinali nditadya kale, koma uchi unali ukadalipo.

Loweruka Esinati anatiperekeza kubwalo la mpira, kumene kunkabwera galimoto ya achipatala cha ziweto. Kaphulusa anakabaya katemera, anakamwetsa mankhwala a njoka za m'mimba, ndipo mtsikana wobayayo anachenjeza kuti kasaponde m'misewu mpaka katemera yense atatha, poti m'dothi la kumeneko muli matenda otsegula m'mimba magazi, amene amatha tiagalu ngati mmene chideru chimathera nkhuku. Apa ndiye panali mfundo: a Jafali akuti kayende, achipatala akuti kasaponde. Ndinagona nayo nkhaniyo, m'mawa ndinadzuka ndikuseka ndekha. Kanthu kosayenda koma kofunika kuona dziko, kwathu timatani nako? Ndinatenga chitenje changa cha nsomba zofiira, ndinawerama, ndinakhazika Kaphulusa kumsana, ndinamanga pachifuwa kuti nga, kamutu kake kakusuzumira pakhwapa panga, m'thumba la epuloni muli tizidutswa ta chiwindi cha nkhuku. Ndinatsegula geti.

Tsiku loyamba tinangofika pakona, pa shopu ya Msomali, mitima iwiri ikugunda pa msana umodzi. Takisi, paja maminibasi kumeneko amati matakisi, itaimba hutala ndinamva kathupi kakuuma gwaa kumbuyo kwanga. Ndinaima, ndinagwedeza msana ngati ndikutonthoza khanda, ndinapereka kachiwindi, ndipo nyimbo inangodzibwerera yokha pakamwa:

Ndi takisi, Phulusa, ndi takisi chabe,
ikupita kwawo, ife tili pano,
idya chiwindi, mwana wa eni, idya.

Nyimbo inali imodzi yomweyo, ndinkangosintha dzina la choopsacho. Ndi hatchi, Phulusa, ndi hatchi chabe, pamene ngolo ya otola zitsulo inkadutsa, hatchi yowonda ikugogoda tala. Ndi wilibala chabe, ndi ambulera chabe, ndi bambo wa chipewa chabe, ndi basi chabe, paja chinali chaka chimene mabasi aatali abuluu anali atangoyamba kufika kwathuko. Tsiku lililonse tinkawonjezera msewu umodzi. Tinadziwa pamene amawotcha mitu ya nkhosa, utsi wa ubweya wopserera ukuyabwa m'maso. Tinadziwa pa makontena ometera tsitsi, pamene wailesi imagunda mpaka m'mano. Tinadziwa mbali imene mphepo imabweretsa fungo la mazira owola kuchokera kufakitale ya mafuta. Ndinaphunzira kuimitsa takisi ndi chala, ndinaphunzira kuthokoza kuti enkosi, ndinaphunzira kunena m'chilankhulo chawo kuti saluma, akuphunzira.

Koma manyazi, abale inu! Amayi a kumeneko ali ngati a kwathu, akaona chitenje chotupa kumsana amabwera akumwetulira kudzaona mwana. Wina anatsegula n'kukumana ndi lilime, anakuwa yhuu, anathawa n'kusiya patapata limodzi. Amalawi anzanga ndiye anachita kunyanya. Amayi atatu a kutchalitchi kwathu anandiyendera atavala zoyera, anakhala pabedi, anayamba ndi pemphero lalitali, kenako wamkulu wawo anatsokomola n'kuti, "Amake Esinati, anthu akulankhula. Akuti munthu wamkulu sayenda ndi galu kumsana popanda chifukwa. Akuti mwina ndi chizimba cha kwa sing'anga, kuti mwana wanu akhalitse pa ntchito." Ndinaseka mpaka misozi. Ndinamasula Kaphulusa, ndinakakhazika pamiyendo pawo, pa siketi yoyerayo, ndinawaikira kachiwindi m'manja, n'kuti, "Mayi, mwabwera bwino, zovala zoyera kanali kasanazione. Tadyetsani chizimbacho." Anadyetsa atapotoza pakamwa, koma potsanzika ndinaona chala chawo chikukanda kuseri kwa khutu la galu mobisa.

Katemera atatha galu anatsika pansi, ndipo kunena zoona msana unali utayamba kudandaula, poti Kaphulusa sanalinso kanthu konyamula ndi dzanja limodzi. Esinati anabweretsa lamba ndi chingwe zimene abwana ake anataya. Tsopano sukulu inasamukira pageti pa magwinya. Ndinkakhala pa kireti m'mawa, galu ali pakati pa mapazi anga, lero patali ndi ana, mawa pafupi pang'ono. Ndinkaitana mwana mmodzi, osati awiri, n'kumuuza ndi manja kuti asadzere pamwamba pa mutu, anjute, atambasule chikhato, galuyo adzanunkhize yekha. Mtsikana wolumidwa chala uja anatha masabata awiri akuzungulira patali. Tsiku limene anapereka kanyenyeswa ka gwinya ndi dzanja lomwe lija, ine ndinaluluta, amasitandi anangoyang'ana m'mafuta mwawo. Koma phunziro lovuta kuposa onse linali la a Jafali. Galu amene waphunzira kukonda anthu amafuna kunyambita aliyense, pamene mphunzitsi wake weniweni malovu sankawafuna. Ndiye tinaphunzira kuti akatuluka a Jafali, makamaka Lachisanu atavala mkanjo woyera mbee, Kaphulusa azikhala pansi mapazi atatu kuchokera pa iwo, mchira wokha uzisesa fumbi. Iwo ankaima, kuika dzanja pachifuwa, n'kuti, "Mwadzuka bwanji, achimwene?" Ulemu wa mbali zonse ziwiri.

Disembala anafika ndi mphepo yake yoseseza mapepala. Tsiku la mgidi msewu unatsekedwa ndi tenti, nkhosa zinaphedwa m'mamawa, miphika yachitsulo ya miyendo itatu inandandalikidwa m'mbali mwa mpanda, fungo la nyama ndi mowa wamasese likuyenda nyumba ndi nyumba. Mwana wa amasitandi anabwera atafunda bulangete latsopano, nkhope yopakidwa dothi lofiira, maso pansi, amuna atamuzungulira ndodo zili m'mwamba, akuimba ndi mawu a pansi pa mimba, amayi akululuta mpaka makutu kuwawa. Ndodo! Zonse ndinamuonetsa galu wanga, koma khamu la amuna okweza ndodo sindinaliganizeko. Ndinamva chingwe chikukokeka, ubweya wa pamsana pake utaima njoo. Ndinagwada pomwepo pa fumbi, ndi chitenje changa cha kuphwando, n'kumuimbira kukhutu: ndi ndodo, Phulusa, ndi ndodo chabe, zikupita kwawo. Anandiyang'ana, anayang'ana ndodo, anandiyang'ananso, ubweya unagona.

Masana ndiye panachitika chimene sindidzaiwala. Galu anali atagona pansi pa tebulo ndi fupa la nkhosa limene wina anamuponyera, ine ndikuthandiza kutsuka mbale, manja ali m'thovu. Mdzukulu wa amasitandi, khanda longoyamba kuyenda, lochokera kumudzi kwawo, linabwera dzandidzandi, linadzagwera pa nthiti za galu, dzanja limodzi n'kugwira khutu, linalo n'kugwira fupa lomwe linali m'kamwa. Ndinaona, amasitandi anaona, ndipo tonse tinali patali kwambiri. Kaphulusa anatsegula kamwa, abale inu, anatsegula, fupa n'kupita ndi mwana. Anadzisolola pang'onopang'ono, anayenda mpaka kwa ine, anadzatsamira mwendo wanga, n'kuusa moyo ngati nkhalamba yotopa ndi adzukulu. Amasitandi anathamanga kukanyamula khanda lija, analitembenuza uku ndi uku, analilanda fupa lamalovulo. Kenako analowa m'nyumba. Anatuluka ndi mbale, mbale ya anthu ndithu, yodzaza nyama ndi msuzi, anaiika okha pansi patsogolo pa galu, n'kuuza alendo onse mokweza, Esinati akundimasulira kukhutu: "Uyu ndi wa pano. Amene akumuopa akadyere kwawo." Ine ndinavina, manja a thovu choncho, ndinavina chimtali pakati pa Axhosa, a Jafali akuwomba m'manja ali chapatali.

Ndinakhala ku Dunoon zaka zina zingapo, mpaka chaka cha chilala chija pamene tinkasamba m'kabeseni n'kusunga madziwo. Pobwerera kuno kumudzi ndinkafuna kumutenga, koma basi ya masiku atatu sinyamula galu, ndipo amasitandi anati ngakhale ikanamunyamula, iwo sakanalola. Kaphulusa sanagwirepo wakuba ngakhale mmodzi, ndisakunamizeni. Mlendo akafika ankauwa kawiri, n'kudikira kuti munthu wamkulu anene. Koma ometa tsitsi ankamudziwa dzina, owotcha mitu ankamusungira khutu la nkhosa, ndipo ana amene ankagula magwinya ali ndi mamina anafika kusekondale akumupatsabe moni pageti. Akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma anaiwala kunena kuti ng'ona yaimvi nayonso imakula ikasintha dziwe. Tsiku lonyamuka Kaphulusa anandiperekeza mpaka pokwerera, wopanda chingwe, pambali pa chikwama changa. Takisi itayamba kuyenda ndinasuzumira pazenera: anali ataima m'mbali mwa msewu pakati pa anthu, akudikira nawo kuti magalimoto aime. Anthu atawoloka nayenso anawoloka, osathamanga, osacheuka, mchira uli m'mwamba, ngati bambo wopita kuntchito m'tauni yake.